Mwanza mpaka Mtwara, maola awiri ndi theka a pa foni

Ndisananyamuke ndinafufuza pa intaneti mtunda wochokera pa bwalo la ndege la Mwanza ku Tanzania, m'mphepete mwa nyanja ya Victoria, kukafika la Mtwara kummwera uko kufupi ndi malire a Mozambique. Mlengalenga ndi makilomita pafupifupi 1,200. Ndege ya mapulopela ngati ATR ija imathamanga cha m'ma 500 pa ola, ndiye ndinangowerengera maola awiri ndi theka basi, mpaka kuuza ondidikira kuti nkhomaliro tidyera limodzi. Koma ine ayi ndithu.

Tikiti yanga inali yoti ndikasinthe ndege pa Dar es Salaam. Kukhotako sikuwonjezera mtunda kwenikweni, 850 kufika Dar, 400 kutsikira ku Mtwara, zonse pamodzi 1,250. Chimene chimadya nthawi ndi mpando wa pa bwalo, ndipo masamu amenewo foni siikuuza.

M'mawa wake kunyanja kunachita mdima wa mvula, ziphaliwali ng'ani ng'ani, ndege yathu ya 7 koloko inadzanyamuka cha m'ma 11. Tikutera pa Dar ya ku Mtwara inali itapita kalekale, mayi wa pa kauntala osandiyang'ana n'komwe anangoti ina ndi ya mawa. Ndinakhala pansi chikwama pamiyendo, kulira ayi koma kunali pafupi.

Pambali panga panali bambo ena achikulire, a imvi, nawonso ndege ya ku Mtwara yawasiya. Anandiyang'ana nkuti pole, mawu amene Atanzania amanena pokupepesa ngakhale wolakwa si iwo. Chiswahili changa ndi chothyokathyoka, Chingerezi chawo chimodzimodzi, koma tinamvana kuti mwana wawo akubwera ndi galimoto ndipo sagona pa Dar, apitiriza ulendo pamsewu chifukwa mawa kuli maliro. Ndinazengereza, munthu sukumudziwa, dziko la eni. Iwo anangonyamula chikwama changa ngati ndi chawo, "tiye mwanangu, mpando ulipo", ine pambuyo pawo ngati mbuzi yogulidwa.

Apa nditchule, mukamasintha ndege popita ku mabwalo ang'onoang'ono yendani ndi kachikwama ka m'manja kokha, komanso pakati pa ndege ziwirizo siyani maola atatu ngakhale kuposa. Ndikanakhala ndi sutikesi yoti ndiyidikire bwenzi nditagona pa benchi.

Msewu wa Kilwa kutuluka mu Dar ndi mpanipani wokhawokha, tinapuma titadutsa Mbagala. Pa mlatho wa Mkapa, umene unatsegulidwa mu 2003 pa mtsinje wa Rufiji, bambowo anamuuza mwana wawo achepetse liwiro kuti ine ndione, nkumalongosola ndi manja momwe kale ankadikirira pantoni pamenepo, nthawi ya dzinja mwina masiku. Ankaseka okha, kundiloza ine amene ndakwiya ndi maola anayi. Ndalama ya mafuta anaikana kawiri, kachitatu anandikalipira.

Za ku Lindi, tauni ya m'njira, sindinaoneko kanthu, ndinali mtulo. Makilomita oposa 500 a pamsewu aja tinawamaliza cha m'ma 1 koloko usiku, maola 20 chidzukire ku Mwanza. Ondidikira aja ndinachita kuwadzutsa pogogoda pa geti, ndipo bwalo la ndege la Mtwara ndinadzaliona koyamba tsiku lobwerera.