Sitandi ya malegeni pa chinkhoswe cha ku Balaka

M'dziko muno mulibe chinthu chimene malegeni sangamange. Thumba la makala pa njinga, mpope wodontha, mpini wa khasu wong'aluka, chitseko cha minibasi chokana kutseka, zonsezi zimamvera kachingwe kakuda kochekedwa ku chubu chakutha. Ndiye achimwene anga a ku Joni atanditumizira ndalama pa Mukuru kuti ndigule sitandi ya miyendo itatu yoikapo foni, malegeni anandifikira m'mutu ndisanamalize n'komwe kuwerenga ndalamazo.

Nkhani yake inali chinkhoswe cha mlongo wathu wotsiriza, kwathu ku Balaka. Achimwenewo abwana awo anawakaniza tchuthi, koma tenti, DJ, mpunga ndi mbuzi zonse zinachokera m'thumba mwawo, ndipo munthu wotero sumuyankha. Anati akufuna kuonera mwambo wonse pa vidiyo ya WhatsApp, kuyambira pemphero mpaka perekaniperekani, koma foni isakhale m'manja mwanga.

"Iwe dzanja lako silikhazikika," anatero. "Pa maliro a agogo paja ndinangoona mapazi a anthu ndi mitambo."

Ku msika wa Limbe ndinapitabe, kuti chikumbumtima chisandivute. Mnyamata wa pa benchi ananditulutsira sitandi ya timiyendo towonda, yokhala ndi nyali yozungulira pamwamba. Atatchula mtengo ndinacheuka kuona ngati akulankhula ndi munthu wina kumbuyo kwanga. "Bigi, si ine, ndi dola," anatero. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale wogulitsa bonongwe womera yekha kuseri kwa nyumba amati dola yakwera. Ndikuti ndizipita, mnyamatayo anandigwiritsa chinthu china m'manja. Pawabanki yakuda, yolembedwa 50000 mAh ndi zilembo zagolide.

"Nyamulani mumve nokha. Zabodza sizilemera chonchi."

Inalemeradi. Ndinachita masamu pomwepo: batire la foni yanga ndi la 5000 mAh, ndiye kuti ndatchaja kakhumi osayandikira soketi. Sitandi munthu ungapange, koma magetsi ungawapange? Ndinagula pawabanki, n'kundiikira basela waya wa mitu itatu, ndipo zotsalazo zinasanduka chipisi, bandulo ndi thiransipoti.

Ntchito ndinaigwirira pakhonde kwathu ku Bangwe, ndipo mpaka lero ndimati inali ntchito yaluso. Nsungwi zitatu ndinazimanga pamodzi kumtunda, kumunsi n'kuzitangadza. Chubu ndinapempha kwa wokonza njinga pa siteji, n'kuchicheka ndi lezala m'mizere yaitali. Chogonamo foni ndinadula ku chigubu cha mafuta ophikira, chija cha malita 5, kathumba kongokwana foniyo, ndipo pa kamera ndinaboola ndi msomali wotenthetsa pa mbaula. Nditaikamo foni n'kukulunga malegeni, inayamba kuthwanima yokha, tsa, tsa, tsa. Poyang'ana ndinapeza zithunzi za sikirini zili mbwee. Mphira unkafinya batani lozimitsira ndi lochepetsera mawu nthawi imodzi, ndipo pa foni za Android mabatani awiriwo ukawadina pamodzi ndiye kuti walamula chithunzi. Ndinaswa chitsononkho, kachidutswa uku kachidutswa uku, mphira n'kumadutsa pamwamba osakhudza batani. Mayi a kunyumba anaima pakhomo manja ali m'chiuno, anayang'ana sitandiyo, anandiyang'ana ine, n'kubwerera kukhitchini osanena kanthu. Ine ndinati ndi ulemu.

Kondakitala wa minibasi ya ku Balaka anandilipiritsa nsungwizo ngati katundu, ndipo kuyambira Lunzu mpaka Zalewa mayi wina ankangodandaula kuti zikumubaya m'nthiti.

Loweruka m'mawa ndinaimika sitandi pambali pa tenti, moyang'anana ndi mphasa ya ankhoswe. Apa ndi pamene panaoneka vuto limene ku Bangwe kunalibe, mphepo. Ikangoomba, mutu wa sitandi unkagwedezeka. Ndinatenga legeni lalitali kwambiri, ndinalimanga ku kathumba ka foni, n'kulikoka mpaka ku mzati wa tenti, thi. Tsopano sitandi inayamba kuweramira kutsogolo, kathumba kakufuna kuvuka pa nsungwi. Ndinayang'anayang'ana chinthu cholemera choti chikokere kumbuyo, ndipo chinali m'thumba mwanga momwe. Ndinakoleka pawabanki ija kumbuyo kwa kathumbako, ikulendewera pakati pa miyendo, waya wa mitu itatu ukukwera kukatchaja foni. Kutsogolo legeni likukoka, kumbuyo pawabanki ikukoka, sitandi inaima nji. Ana anandizungulira. Mmodzi anafunsa ngati ndi msampha wa mbewa.

Nthawi yomweyo DJ anali akulimbana ndi chisipika chake cha matayala. Laputopu inali isanafike, ndiye anandipempha kuti ndilumikize foni yanga pa Bluetooth ayesere mawu. Ndinaika nyimbo imodzi ya kwaya, mawu anatuluka bwino, laputopu itafika analowetsa waya wake, aliyense n'kupitiriza zake.

Mwambo unayamba bwino kwabasi. Achimwene anali pa sikirini, ali pa sofa ndi alamu anga, kumbuyo kwawo anzawo angapo a kwathu konkuno amene anawaitana kudzaonera, ndipo pa tebulo pankaoneka mabotolo osakhala a Fanta. Mawu awo ndinawachepetsa kuti ndizimva ndekha ndikayandikiza khutu. Anaona pemphero, anaona kulowa kwa akuchimuna, anaona atsikana atafunditsidwa zitenje kumutu kuti ankhoswe aloze mwini nkhani, ndipo woyamba atavundukulidwa n'kupezeka kuti ndi msuweni wathu, ndinawaona akuseka mpaka kumenya sofa. "Sitandi yabwino iyi!" anakuwa. "Waona ubwino wogula zinthu zenizeni?" Ine ndinangogwedeza mutu, kunja kwa kamera.

Koma Okutobala wa ku Balaka si wochezera. Opanga mafoni amati chipangizochi chizigwira ntchito pa kutentha kosapitirira madigiri 35, ndipo yanga inali padzuwa, yokulungidwa mphira wakuda, ikutumiza vidiyo uku ikutchaja. Sikirini inachita mdima, panabwera uthenga woti foni yatentha. Ndinabwereka ambulera ya azakhali n'kuima pambali ndikuifunditsa, ine mwini thukuta lili kamukamu. Ndikuyang'ana pansi, timagetsi tinayi ta pa pawabanki tatsala kamodzi, amfumu asanamalize n'komwe kulankhula. Ndinati mwina ndi dzuwa lomweli.

Kenaka inafika nthawi ya nkhuku. Amene munapitako ku chinkhoswe mukudziwa kuti apa ndiye pamtima pa mwambo: akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi amapereka thadzi, ankhoswe n'kusinthana pamaso pa anthu onse. Amalume anadzuka ndi thadzi lathu lonenepa. Ankhoswe a kuchimuna, bambo aatali ovala jekete ngakhale kunkatentha chotero, anadzuka ndi tambala wawo. Kunena zoona, tambalayo anali wachinyamata. Lipombo linali litangoyamba kumera.

Ali pakati pa bwalo, magetsi anathima. Nyimbo inaduka, DJ anathamangira kuseri kukaliza jenereta, anthu onse ali zii kudikira. Jenereta italira, chisipika chija chinadzuka. Zimene sindinkaziganiza n'komwe ndi zakuti sipika ya Bluetooth ikayaka imayamba yafufuza foni imene inalumikizana nayo komaliza, ndipo ikaipeza pafupi imadzilumikiza yokha osapempha chilolezo kwa munthu. Laputopu ya DJ inali ya pa waya. Mnzake womaliza wa pa Bluetooth ndinali ine.

Kamawu ka mzimayi wachizungu kanalankhula zake m'chisipikamo. Kenaka bwalo lonse, mpaka amayi a ku mapoto, linamva mawu a achimwene anga, aakulu, omveka bwino kuposa a MC:

"Iwe, ameneyo ndi tambala kapena nkhunda? Sendeza kamera tione bwino! Anthu amenewa akutenga mlongo wanga ndi kambalame kameneka?"

Kumbuyo kwawo anzawo aja anaphulika nako kuseka, ndipo kusekako kunatulukanso m'chisipika. Amalume anaima chilili, thadzi lili m'manja, akuyang'ana kumwamba. Ankhoswe a kuchimuna anayang'ana tambala wawo. Gogo wina anafunsa mokweza ngati mwana uja wabwera mwakabisira. MC, munthu wodya ndalama yake moyenera, anatola maikolofoni: "Amenewo ndi mafuno abwino ochokera ku South Africa, tiyeni m'manja!" Palibe anaomba.

"Komanso jekete imeneyo," anapitiriza achimwene, "kutentha konseku? Kapena mkati mulibe malaya?"

Apa mawu a alamu anga analowerera: "Inu, siyani jekete, taonani chipewa cha apongoziwo..."

Sindinadikire kuti ndimve za chipewa. Ndinataya ambulera n'kudumphira foni kuti ndidule. Phazi langa linakola mwendo wa nsungwi, bondo linamenya pawabanki, iyo n'kuvuka pamene ndinaikoleka, waya wa mitu itatu n'kuzuka. Chokokera kumbuyo chitachoka, legeni lija linakumbukira ntchito yake yakale. Kathumba ka chigubu, foni ili momwemo, kanachoka pa nsungwi, vuu, kudutsa pamwamba pa mitu ya amayi a mvano. Pa mzati mphira unaduka, foni n'kupitirira yokha ikuzungulira m'malere, ndipo chisipika chinalankhula komaliza:

"Wayambanso mitambo ija!"

Khuvu! Mu ndowa ya thobwa.

Chete amene anatsatira anaduka ndi tambala uja. Kaya ndi mantha, kaya anafuna kudziyankhira, analira kamodzi ndi mawu osakhwima, ndipo anthu anagwa nako kuseka, kupatula mbali ya kuchimuna. Azakhali anapisa chikho m'ndowa, anavundula, anavuula foni yanga ikuchucha, gaga wa chimera ali pa kamera. Madokotala a mafoni anatuluka paliponse. Wina amati iyatseni tione ngati ili moyo, wina amati iyanikeni pa malata, wina anaiuzira mpweya pa bowo lotchajira mpaka thobwa linamuthovukira m'maso. Anapambana ndi a mpunga: foni inakwiriridwa m'thumba la mpunga wotsala, n'kumanga kukamwa ndi legeni langa lomwe. Thobwalo linamwedwa lonse. Perekaniperekani inayenda, ngakhale akuchimuna pofupa ankaponya ma K50 ndi ma K100 okhaokha, nkhope zili gwa, ndipo MC ataitana a ma K5000 onse anayamba kuyang'ana m'mafoni mwawo.

Madzulo ankhoswe anakhala pansi pa mtengo wa mango. Mlandu sunatalike. Anagamula kuti pakamwa panali ku Joni, koma msampha unali wanga, choncho wopita kukapepesa ndi ineyo, nditanyamula tambala. Achimwene anaimba pa kafoni ka mabatani ka amayi. Atamva kuti mudzi wonse unawamva anakhala chete mpaka ndinaganiza kuti netiweki yathawa, kenaka anafunsa kuti ndi sitandi ya mtundu wanji imene imauluka. Ndinati mphepo ya ku Balaka simukuidziwa inu, munachoka kale. Ndalama ya tambala anatumiza usiku womwewo, koma kwa amalume.

Wokonza mafoni ku Limbe ataitsegula ananunkhiza kaye. Anati mpunga suyamwa za mkati, umangosiya fumbi lake pa bowo lotchajira, ndipo madzi akauma shuga wa thobwa amatsalira pa bolodi n'kumadya tizitsulo pang'onopang'ono. Chimene chinaipulumutsa, anatero, n'chakuti inazima yokha ndipo palibe anaitchaja. Ndinamufunsa za mafoni osalowa madzi amene achimwene amanyadira. Anati ndi aja olembedwa IP68, koma amawayesa m'madzi oyera, osati mu phala. Anaitsuka ndi sipiriti ndi kamswachi, n'kundiuza kuti ndiisiye, pafunika kusintha pa chaja ndi sipika.

Ndisanatuluke ndinamupatsa pawabanki kuti aone chimene chinaimaliza msanga chotero. Anaiyeza m'dzanja, anamwetulira, n'kuikanula ndi sikuludiraiva. Mkati munali batire limodzi lokha la mtundu wa 18650, amene nthawi zambiri amasunga pakati pa 2000 ndi 3500 mAh, ndipo pambali pake panagona timatumba tiwiri ta pulasitiki tomata bwino ndi tepi. Anaboola kamodzi. Pa tebulo panathira mchenga, wosefa bwino, woyera.

"Uwu ndi wa kunyanja," anatero mnyamata wake wophunzira ntchito, akuufikisa ndi zala. "Si wa mu Mudi uwu."

Loweruka lotsatira ine ndi amalume tinafika kwa akuchimuna. Tambala amene anasankha amalume anali chimphona, wofiira, wa zikhadabo zokhota, ndipo njira yonse anandijompha pa mkono. Tinakhala pa mphasa, amalume analankhula mawu opepesa mwa ndondomeko yake, ine mutu uli pansi. Ankhoswe aja anatuluka atavala jekete yomwe ija. Anavula pang'onopang'ono, n'kuipinda, kuti tonse tione malaya oyera ositidwa bwino. Kenaka analandira tambala, anamuyeza kulemera ndi manja awiri, anamutembenuza uku ndi uku, n'kumukweza m'mwamba pafupi ndi nkhope yawo.

"Alamu," anatero akundiyang'ana, "tajambulani apa, mutumize ku Joni aone ngati uyu wakwana."

Ndinapisa m'thumba mwa chizolowezi, n'kutulutsa waya wa mitu itatu.