Achimwene atatuluka kundende ali pa mankhwala a TB: mmene tinayendera

Achimwene anga anatuluka kundende atamwa mankhwala a chifuwa chachikulu miyezi iwiri yokha, pomwe mankhwalawa amamwedwa miyezi 6. Miyezi inayi yotsalayo inagwera ife a pakhomo, kuno ku Bembeke. Ndikulemba mmene tinayendera chifukwa ambiri amadukiza pomwepa, pakati pa geti la ndende ndi chipatala cha kwawo.

Ntchito inayamba iwo asanatuluke. Nditamva kuti tsiku layandikira, ndinapita kukawazonda ndipo ndinawapempha kuti akalankhule ndi a zachipatala a m'ndendemo za zinthu zitatu: kalata ya transifa yopita kuchipatala cha kufupi ndi kwathu, khadi lawo la TB, ndi mankhwala oti awafikitse kunyumba. Munthu akamva kuti mawa akutuluka, mutu wake umakhala pa ana ndi pa msewu, za mapepala sakumbukira. Inu a kunja ndi amene muzikumbutsa. Buku lawo la kuchipatala ndinalikulunga m'pulasitiki n'kulisunga ine.

Matendawa sanabwere modabwitsa. Achimwene amafotokoza kuti usiku ankagona "shamba", kukhala pansi mondondozana, wina pakati pa miyendo ya mnzake, mutu pamsana pa wa kutsogolo mpaka kucha. Timawindo n'tating'ono, tili m'mwamba. Mmodzi akatsokomola, selo yonse imapuma mpweya womwewo. Onjezanipo nsima ya kamodzi patsiku, thupi limafooka, kachirombo ka TB n'kupeza danga. Izi si zachilendo kwa akuluakulu: mu 2009, pa mlandu umene mkaidi wina, Gable Masangano, anasumira boma, khoti linagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu ndi nkhanza ndipo linapereka miyezi 18 kuti chiwerengero chitsike ndi theka. Chikhalirecho ndende zikusungabe anthu oposa mlingo wake. Ambiri mwa iwo ndi ochokera m'mabanja ngati lathu, olephera kulipira faindi kapena belo, ndipo akatuluka amabwerera m'nyumba za zipinda ziwiri momwe mumagona anthu ambiri.

Achimwene atafika kunyumba, mmawa wotsatira tinakwera kabaza kupita kuchipatala. Musakafole pamzere wa odwala onse. Funsani komwe amaonera za TB ndipo onetsani kalatayo. A chipatala anawayeza achimwene sikelo, popeza kuchuluka kwa mapiritsi kumatengera kulemera kwa munthu, kenako anawalemba m'kaundula wawo. Anawapatsa kabotolo ka makhololo, chifukwa pakutha pa mwezi wachiwiri amayezanso kuti aone ngati mankhwala akugwira. Miyezi iwiri yoyamba munthu amamwa mankhwala a mitundu inayi ophatikizidwa m'piritsi limodzi, miyezi inayi yotsatira amamwa a mitundu iwiri. Amayezanso mwezi wachisanu ndi womaliza. Zonsezi ndi zaulere m'zipatala za boma. Anawayezanso magazi ngati ali ndi HIV, monga amachitira ndi aliyense wodwala TB.

Namwino anafunsa kuti, "Gadiyani ndi ndani?" Ndinati ndine. Ntchito ya gadiyani ndi kuona ndi maso kuti wodwala wameza mankhwala, n'kuchonga pakhadi. Ndinkawapatsira mmamawa asanadye, phala n'kubwera pambuyo. Mkodzo umafiira ndi mankhwalawa, musachite mantha. Koma maso akayamba chikasu kapena munthu akamasanza kwambiri, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.

Povuta panali pakhomo. Mlangizi wa zaumoyo anabwera kudzalemba mayina a onse ogona m'nyumbamo, n'kufunsa mmodzimmodzi ngati akutsokomola, kutentha thupi, kutuluka thukuta usiku kapena kuwonda. Alamu anga sanafune. Anati, "Anthu atinena kale za ndende, tsopano atinenenso za chifuwa?" Ndinawamvetsa, poti manyazi awiri pa khomo limodzi ndi katundu. Ndinawayankha kuti, "Alamu, anthu alankhula n'kutopa, koma mwanayu akadwala muvutika ndinu." Anavomera. Iwo anapereka makhololo, ndipo zotsatira zinachedwerapo poti mabotolo amatengedwa pa njinga yamoto kupita komwe kuli makina oyezera TB otchedwa GeneXpert. Sanapezeke ndi TB. Mwana wawo wosakwana zaka 5 anamuyamba mankhwala oteteza ngakhale sankadwala, chifukwa ana aang'ono akachitenga chifuwachi chimawapweteka msanga.

Amayi anali atawapatulira achimwene mbale ndi kapu yawoyawo. Mlangizi anati zimenezo n'zosafunika, TB siyenda pa mbale, imayenda mumpweya, ndipo munthu amene wakhala akumwa mankhwala mwandondomeko sapatsiranso ena kwenikweni. Chimene anatsindika ndi mawindo. Amene amadziwa kuzizira kwa Dedza mu Juni amvetsa kuti kuuza anthu kuti atsegule mawindo ndi nkhondo. Tinagwirizana kuti masana zitseko ndi mawindo zizikhala zotsegula, mabulangete aziyanikidwa, ndipo macheza azichitikira pakhonde.

Mwezi wachinayi thupi linabwerera, masaya anadzaza, achimwene n'kuyamba kukamba zopita ku Lilongwe kukasaka maganyu. Apa ndi pamene ambiri amasiyira mankhwala, ndipo chifuwa chikabweranso chimatha kukhala chosamva mankhwala wamba, chofuna chithandizo chovuta kwambiri. Sindinawaletse kufuna ndalama, munthu wotuluka kundende amabwera chimanjamanja. Amalume anawapezera ganyu wokumba mbatatesi m'dimba la pafupi, ndipo anakhala mpaka makhololo omaliza anatuluka bwino.

Ngati m'bale wanu watuluka opanda kalata, musadikire kuti mankhwala athe. Pitani naye kuchipatala ndi paketi ya mapiritsi imene ali nayo, mukanene dzina la ndende ndi mwezi umene anayamba kumwa, kuti a chipatala alumikizane ndi anzawo a kumeneko. Amene ali pa ma ARV achitenso chimodzimodzi. Ndipo ngakhale atatuluka akuoneka wathanzi, akayamba kutsokomola mpaka sabata ziwiri, akapereke makhololo ndipo akanene poyera kuti anali kundende.