Sabata ya lipoti la ndege ya ku Chikangawa

Ndimagwira ntchito m'chipinda cha nkhani pa wailesi ina mu Lilongwe. Sabata yotsatira kutuluka kwa lipoti loyamba la akatswiri a ku Germany, kumapeto kwa Ogasiti 2024, sindinagwire nkhani ina iliyonse. Bungwe lawo la BFU ndilo linkafufuza za ndege ya asilikali ya Dornier 228 imene inagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 Juni, n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Dr Saulos Chilima ndi anthu ena 8.

Lolemba ndinalisindikiza lipotilo, n'kukhala nalo pansi cholembera chili m'manja. Akonzi anangodutsa n'kunena kuti, "Achimwene, nenani zimene zalembedwamo basi, mchere musathire." Chimene chinandigwira mtima ndi zinthu zomwe kunalibe. Ndegeyo inalibe makina ojambula mawu a oyendetsa, inalibenso makina osunga mbiri ya kayendedwe kake. Kachipangizo kotumiza uthenga ndege ikagwa kanalimo, koma batire lake linatha nthawi mu 2004. Ndinakumbukira asilikali akupyola m'mitengo ya paini, m'chifunga ndi m'chisanu, mpaka kupeza ndegeyo tsiku lotsatira. Zimene oyendetsa ankakambirana pa wailesi ndi a pabwalo la Mzuzu sizinajambulidwe. Njira imene ndege inadutsa akatswiriwo anaipeza mu GPS imene inali m'ndegemo.

Lachiwiri linathera pa foni. Ofesi ina inati mafunso ndiwatumize pa WhatsApp, ndinatumiza, kunali zii.

Lachitatu madzulo tinatsegula mafoni. Mayi wina wa ku Ntcheu, mawu akunjenjemera, anafunsa chifukwa chimene tikumvera za ngozi ya kwathu kuchokera kwa alendo. Ena anabwera ndi mphekesera zimene sitikanaziulutsa, ndipo ndinawadula mwaulemu. Sindinawaone ngati anthu oipa. Aboma akakhala chete, munthu woferedwa amatola chilichonse chimene wamva m'minibasi.

Lachinayi ndinacheza ndi mkulu wina amene anapuma pa ntchito za ndege, ndipo anandimasulira mfundo imene ambiri sitiidziwa. Malamulo ofufuzira ngozi a ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege pa dziko lonse, aja a Annex 13 amene amafuna kuti lipoti lomaliza lipite poyera, amakhudza ndege za anthu wamba. Pangano la mayiko pa za ndege limene linasainidwa ku Chicago mu 1944 linasiya ndege za asilikali m'manja mwa boma lililonse. Choncho kutulutsa lipoti la ndege yotere kumadalira mtima wa olamulira. Ine pamenepa ndi pomwe sindigwirizana napo. Ndegeyi inanyamuka pa bwalo la Kamuzu, inkapita pa bwalo la Mzuzu, mabwalo amene tonse timakwererapo, ndipo inanyamula anthu wamba opita kumaliro a Ralph Kasambara. Ngati mawu a pa wailesi sajambulidwa pabwalo, vutolo likhudzanso ndege yonyamula odwala kapena alendo. Chinsinsi cha usilikali chibise zida ndi mapulani a nkhondo. Batire lakutha si chinsinsi cha dziko.

Lachisanu ndinalemba kalata pogwiritsa ntchito lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga kuboma, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020. Ndinafunsa amene amayendera zipangizo za ndege za asilikali zonyamula anthu wamba, komanso tsiku limene mabwalo athu ayambe kujambula mawu onse a pa wailesi. Akonzi anaisainira, ndipo ndinakaipereka ndekha pamanja kuti andidindire pa kope langa.