Kanyenyezi ka agogo m'chitini cha mabisiketi

Tulo takana, mutu uli pa zimene ndaona kwa amalume ku Chilenje, mu Lusaka.

Ndinangopita kukasiya thumba la ufa basi, ndiye ndawapeza atakhuthula chitini chakale cha mabisiketi pamphasa, akufuna khadi lawo la kuchipatala. Pakati pa mabatani ndi malisiti pali kanyenyezi kachitsulo, kansalu kake kosuluka kale. Ndati amalume ichi n'chiyani? Akuti "mphwanga, imeneyo ndi Burma Star ya agogo ako, ugwire bwino."

Ndi mendulo ya asilikali amene anamenya nkhondo ku Burma. Ine ndimangodziwa kuti agogo anapita kunkhondo, basi. Kodi si anali mu Northern Rhodesia Regiment, anachoka kumudzi ku Katete mpaka kukamenyana ndi Ajapani ku Burma mu 1944, mvula yosakata, matope, malungo. Ndiye ndafunsa mopusa kuti ndiye anabwera ndi ndalama zambiri eti? Amalume aseka mpaka kutsokomola. Akuti anabwera ndi chijasi, majombo ndi kutukwana kutulo.

Nkhani ya gratuity, ndalama yopatsa asilikali pomaliza ntchito, ndi imene yandikhala pakhosi. Nkhondo itatha mu 1945, msilikali wamba wachizungu ankawerengeredwa mashereni 10 pa mwezi uliwonse umene wagwira, mmwenye 7 ndi hafu, wakuda 3 ndi hafu. Wakuda ngakhale afike pa udindo waukulu wa warrant officer, mashereni 6, kuposedwa ndi kamnyamata kachizungu kopanda nyota ndi imodzi yomwe. Amalume amvekere "chipolopolo chinkafunsa khungu ngati?" kenako zii, akupukuta kanyenyezi kaja ndi m'mphepete mwa malaya.

Mwana wawo, msuweni wanga, maso ali pa foni, wangoti zakale izo adadi, tidya zimenezo? Ndinafuna kumuyankha koma mawu sanabwere, mwinanso sakunama, kaya. Ineyo sabata ino ndinali kale ndi mkwiyo wanga, kuntchito tinamva kuti wina amene tinamuphunzitsa tokha akulandira kutiposa, ndiye mwina n'chifukwa chake zandilowa chonchi.

Pobwerera basi yadutsa mu Burma Road, kondakitala akukuwa monga mwa masiku onse, ndipo ndi lero pamene ndalimva dzinalo. Burma. Arakan Barracks nayonso, dzina la dera la ku Burma komweko kumene anthu anakafera, ife timangoti nditsika pa Arakan.

Kanyenyezi kaja ndinapempha, amalume akana, akuti ndidikire afe kaye. Khadi lija sitinalipeze n'komwe.