Magetsi akathima usiku, backup imachitika liti?

Mwezi uno ndakhala ndikuphunzira momwe seva (kompyuta yosunga ndi kupereka zinthu kwa makompyuta ena) ingamasungire yokha makope a zomwe zili pa disiki, omwe amatchedwa backup, popanda kudalira kuti munthu akumbukire. Pa Linux, chida chakalekale cha ntchitoyi ndi cron. Mumalemba mzere umodzi mu crontab, fayilo ya ndandanda ya ntchito za cron, wokhala ndi magawo asanu: mphindi, ola, tsiku la mwezi, mwezi, ndi tsiku la sabata. Mukalemba 0 2 * * * n'kutsatiza lamulo lanu, ndiye kuti tsiku lililonse 2 koloko usiku ntchito iyamba yokha. Kukopera kwenikweniko ndikugwiritsa ntchito pulogalamu ya rsync, yomwe inatuluka mu 1996. Ndimaikonda chifukwa imangotumiza zomwe zasintha, osati disiki yonse, ndipo kwa ife ogula bandulo ya intaneti ndi ndalama za m'thumba, zimenezi n'zofunika kwambiri.

Koma cron ili ndi khalidwe limodzi lomwe maphunziro ambiri amangolidutsa. Nthawi ikakwana seva ili yozima, ntchitoyo yaphonyedwa basi. Seva ikadzayaka, cron siibwerera, imangodikira 2 koloko ya mawa. Kumayiko komwe magetsi sathimathima mwina si nkhani, koma taganizirani ofesi yaing'ono ku Area 3 kapena ku Old Town, komwe seva ili pansi pa tebulo ndipo UPS, batire lothandiza magetsi akathima, imatha mphamvu patangopita kanthawi. Magetsi akathima mausiku angapo motsatizana, eni ake amakhala ndi mtima m'malo pomwe palibe chomwe chasungidwa. Ichi chimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa mkati mwa disikiyo muli malipiro a anthu, marisiti, mayina a makasitomala.

Njira yake ilipo. Pulogalamu ya Anacron imayendetsa ntchito yomwe inaphonyedwa makina akangoyaka. Ine ndasankha systemd timer, chida china cha pa Linux choyambitsa ntchito pa nthawi yake, ndipo ndaikamo Persistent=true, yomwe imachita chimodzimodzi. Onetsetsaninso wotchi ya seva: maseva ambiri obwereka kunja amayendera UTC, nthawi yomwe mayiko onse amayezerapo nthawi zawo, pomwe ife tili patsogolo ndi maola awiri, choncho 2 koloko ya seva ndi 4 koloko m'mawa kuno.

Samalani ndi --delete pa rsync, yomwe imafufuta ku kope chilichonse chomwe chafufutidwa pa seva. Wina akafufuta fayilo mwangozi masana, usiku womwewo ifufutidwanso ku kope lanu. N'chifukwa chake ndikusunga makope a masiku osiyanasiyana pogwiritsa ntchito --link-dest ya rsync, yomwe sidya malo ambiri chifukwa sikoperanso mafayilo omwe sanasinthe. Database nayo, nkhokwe yomwe mapulogalamu amasungamo zinthu monga mayina a makasitomala, musaikopere ikugwira ntchito. Zomwe zili m'menemo ziyambe zatulutsidwira mu fayilo ndi pulogalamu ya mysqldump kapena pg_dump.

Lamulo la 3-2-1 limati makope akhale atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi ofesi. Disiki yachiwiri yomwe ili m'chipinda chomwecho idzapsa kapena kubedwa limodzi ndi seva.

Chomwe chatsala kwa ine ndi kubwezeretsa. Loweruka nditenga laputopu yopanda kanthu, ndibwezeretsepo database yonse kuchokera ku kope la dzulo lake, n'kuona ngati itseguke komanso kuti zitenga nthawi yaitali bwanji.