A Error Analowa mu Lipoti Langa

Lipoti lathu la pachaka linali lalitali, choncho ndinaligawa m'mafayilo 5 a Word, pulogalamu yolembera pa kompyuta, chaputala chilichonse fayilo yakeyake. Ndikafuna kulozera wowerenga pena, ndinkangotayipa ndekha kuti "onani gawo 3.4", basi, n'kumadziona ngati katswiri.

Kenako abwana anati ndiwonjezere kagawo kumayambiriro kwa chaputala 3. Manambala a mitu anasuntha okha monga mwa ntchito yawo, koma aja otayipa ndekha anangokhala phee. Mzere wonena kuti "za kukweza malipiro, onani gawo 3.4" unayamba kuloza gawo lokamba za kukonza zimbudzi. Mnzanga atawerenga anati mwina akuluakulu akutiuza zoona mwa chinsinsi.

M'pamene ndinatulukira batani la Cross-reference, limene limalemba lokha nambala ya mutu n'kuisintha mutuwo ukasuntha, bola uliuze kuti lifufuzenso. Vuto lake, limangoona mitu ya m'fayilo imene watsegulayo, za m'mafayilo ena silizidziwa. Apa nzeru zinandibwerera, zija zimabwera pakati pa usiku. Ndinaphatikiza machaputala onse m'fayilo imodzi, n'kuika zolozera zonse bwinobwino, kenako n'kuwadulanso, chilichonse kubwerera kwawo. Nditayang'ana, manambala onse ali m'malo. Ndinagona ndikumwetulira.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti Word amabisa kachizindikiro pa mutu uliwonse umene waulozera, dzina lake loyamba ndi _Ref n'kutsatira manambala, ndipo cholozera chimakafunafuna m'fayilo momwemo. Podula paja, cholozera chinatsala kuno, kachizindikiro n'kupita uko. Manambala ankaonekawo anali akale, ongosungidwa mpaka nthawi imene cholozeracho chidzauzidwe kuti chifufuzenso. Ndipo ine ndemwe, masabata angapo m'mbuyomo, ndinali nditachonga pa "Update fields before printing", pamene pamauza zolozera zonse kuti zifufuzenso nthawi yosindikiza ikakwana, poganiza kuti ndi zimene amachita anthu ozindikira.

Ndinasindikiza makope 12 kutatsala mphindi 10 kuti msonkhano uyambe. Kuwerenga? Nthawi yake iti. Ndinangomenya sitepulala n'kugawa.

Atcheya, bambo achikulire osathamanga polankhula, anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga mokweza. "Za bajeti, onani gawo Error! Reference source not found." Ndiwo uthenga umene Word amalemba cholozera chikapanda kupeza kachizindikiro kake, zilembo zake zakuda bii, zonenepa kuposa zinzake. Anaima kaye. Anatsegula tsamba lotsatira, n'kupezanso zomwezo pawiri. Ine thukuta lili kamukamu, maso ali pa nsapato.

"Bambo," anatero akundiyang'ana pamwamba pa magalasi, "a Error amenewa ndi a dipatimenti iti? Ndikuona kuti mwawadalira kwambiri."

Anthu anaseka chikhakhali. Mnzanga uja anandinong'oneza kuti ndikanasankha zonse ndi Ctrl+A n'kudina Ctrl+Shift+F9 ndisanadule, zolozerazo zikanasanduka zilembo wamba zosasinthanso. Malangizo abwino kwabasi, kungoti anafika mapepala ali kale m'manja mwa anthu.

Ndinayesa kufotokoza za kachizindikiro kobisika kaja, koma ndinkangoonjezera moto. Atcheya anagwedeza mutu mwaulemu, n'kunena kuti popeza munthuyu akutchulidwa pafupifupi tsamba lililonse koma sakupezeka, aitanidwe ku msonkhano wotsatira adzadzifotokozere yekha. Alembi, amene sasiya kanthu, analemba zimenezo m'maminitsi, ndipo pambali pake anaika dzina langa kuti ndine wokapereka kalatayo.