Kompyuta inati muli munthu mkati

Pa ofesi pathu pali kompyuta imodzi yapadesiki yomwe timalimbirana tonse. Aliyense ali ndi akaunti yake, ndipo ukaiyatsa mayina athu amandandalikana pakona yakumanzere m'munsi mwa sikirini. Umadina dzina lako, kutayipa pasiwedi, basi walowa. Ine pasiwedi yanga ndimainyadira. Muli zilembo zazikulu, zazing'ono, manambala, ndi chizindikiro cha @ pakatikati, ndendende momwe achimwene a IT amatilalikirira mwezi ndi mwezi. Zala zanga zimaidziwa kuposa mutu wanga.

Tsiku limenelo ndinali ndi lipoti loti lifike kwa eni ake 10 koloko isanakwane. Ndinakhala pampando, kudina dzina langa, kutayipa. Kompyuta inati pasiwedi ndi yolakwika. Ndinaseka pang'ono n'kutayipanso. Yolakwika. Ndinasuzumira kanyale ka Caps Lock, kozima. Ka Num Lock, koyaka bwinobwino. Ndinatayipa ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, ndikutchula chilembo chilichonse chamumtima. Yolakwikabe.

Kumapeto kwa kabokosi ka pasiwedi kuli kadiso, ukakapanikiza kamakuonetsa zomwe walemba m'malo mwa timadontho tija. Koma kumbuyo kwanga kunali kutaima mnyamata wophunzira ntchito, akudikira kuti asindikize kalata, ndipo m'pasiwedi yangayo muli dzina lomwe mkazi wanga amandiitanira tikakhala awiri. Ndinalolera kuvutika.

Kenako ndinaganiza kuti batani la Shift lafa, ndiye ndinalimenya mobwerezabwereza kuti lidzuke. Kompyuta inalira tswii, n'kutulutsa kabokosi kondifunsa ngati ndikufuna Sticky Keys. Ukadina Shift kasanu motsatizana, Windows imaganiza kuti zikukuvuta kupanikiza mabatani awiri nthawi imodzi, ndiye imabwera mwachifundo kudzakuthandiza. Mnyamata uja anatsokomola, koma chifuwacho chinali cha phwete. Nditayesanso kangapo, uthenga unasintha: akaunti yatsekedwa. Kuyambira 2022 Windows 11 imabwera itatcheredwa kuti munthu akaphonya pasiwedi ka 10, akauntiyo ikhale yokhoma kwa mphindi 10, pofuna kukhaulitsa akuba ongoyesa mapasiwedi mwachisawawa. M'mawa umenewo wakubayo ndinali ine, wovala tayi.

Amayi a zachuma, omwe anali atanyamula kale chikwama kuti apite kubanki, anandimvera chisoni.

"Achimwene, thukuta lonselo chifukwa cha pasiwedi? Taimani ndikulowetseni kwanga. Koma mukamaliza mutuluke, mwamva?"

"Zikomo kwambiri amayi, ndituluka ndithu."

Anatayipa yawo, yamanambala ndi zilembo basi, ndipo kompyuta inawalandira nthawi yomweyo mopanda manyazi. Manambala ena a lipoti langa mnzanga anali atanditumizira pa WhatsApp, choncho ndinatsegula Chrome ya amayiwo, kupita pa WhatsApp Web, kuloza foni yanga pa QR code, macheza anga onse mbwee pa sikirini. Ndinatenga fayilo, kukonza lipoti, kutumiza kutatsala mphindi zisanu. Koma kompyutayo inkakwawa. Ukadina chinthu umayamba wawerenga mpaka khumi chisanatseguke, ndipo fani yake inkalira ngati ikufuna kuuluka.

Apa ndi pomwe mtima wothandiza unandigwira. Amayi anati ndituluke. Ine ndinaona kuti kungotuluka n'kuchepa, ndiipange Restart kuti aliyense wobwera pambuyo panga aipeze ikuthamanga. Nditadina, inandichenjeza kuti pali munthu wina amene akugwiritsabe ntchito kompyutayi, ndipo ndikapitiriza akhoza kutaya ntchito yomwe sanaseve.

Ndinatembenuka. Mnyamata uja anali atatopa n'kuchoka. Ndinayang'ana kumanja, ndinayang'ana kumanzere, mpando umodzi, kiyibodi imodzi, mausi imodzi ili m'dzanja langa. Ndinawerama n'kusuzumira pansi pa desiki, ndinapezako nthambo ndi fumbi. Ndinati m'mtima, kompyuta yomwe yakana mwini pasiwedi m'mawa wonse lero ikuonanso anthu osaoneka, ndiye kuti ikufunikadi Restart. Ndinadina batani loti ipitirizebe, n'kubwerera pamalo panga ndikumva kuti ndagwira ntchito yotamandika.

Pasanathe theka la ola abwana anatulukira. Laputopu yawo inali itakana kuyaka, ndiye anali atalawirira kudzagwiritsa ntchito ya tonseyi. Kuyambira mbandakucha ankadzaza fomu yaitali ya pa intaneti, yamasamba ambirimbiri, yosalola kuseva pakati. Atatsala ndi tsamba limodzi anaitanidwa kumsonkhano, nadina Switch user kuti akabwerera adzangopitiriza. Anakhala pansi akuimba kamluzu. Analowa. Kamluzu kanaduka.

"Ndani wazimitsa kompyuta iyi?"

Mu ofesi munangoti zii. Ine ndinatsegula kabuku kanga n'kuyamba kuwerenga zomwe ndinalemba chaka chatha mwachidwi chachikulu.

Achimwene a IT anabwera ndi nkhope ya munthu amene anaziona kale zonse. Mafayilo a Excel a abwana anabwerera, chifukwa Excel imadzisungira kope yapadera mphindi 10 zilizonse pokhapokha wina atasintha zimenezo. Koma fomu ija inapita ndi mphepo, tsamba linatseguka lili mbee kuyambira pa dzina loyamba. Achimwenewo anapezerapo mwayi wa ulaliki. Anati kompyutayi ili ngati nyumba ya zipinda zambiri: Lock ndi kukhoma chitseko katundu ali momwemo, Switch user ndi kukhoma chako n'kulola mnzako atsegule chake, Sign out ndi kulongedza n'kutulukiratu, pamene Restart ndi kugwetsa denga onse ali mkati. Anati zimenezi si zachilendo, zinayamba ndi Windows XP mu 2001, ndipo aliyense wongodina Switch user amasiya mapulogalamu ake akudya memori mpaka kompyuta kumakwawa.

"Mukadina Ctrl, Shift ndi Esc limodzi, Task Manager imatseguka. Pa Users pamaoneka onse amene ali mkati, ngakhale atapita kwawo dzulo. Ndiye ikakuchenjezani kuti muli munthu, muli munthu."

Ndinagwedeza mutu mwamphamvu kuposa aliyense.

Abwana sankafuna maphunziro, ankafuna dzina. Achimwene a IT anatsegula Event Viewer, buku lomwe Windows imalembamo zonse zochitika, nafufuza nambala 1074, yomwe imalembedwa wina akalamula Restart kapena Shut down, limodzi ndi nthawi komanso akaunti yomwe yalamula. Mtima wanga unali phaphapha. Anawerenga mokweza nthawi yake, kenako dzina. Linali dzina la amayi a zachuma.

"Amayi aja? Atero liti, si ali kubanki?" anatero abwana.

"Bwana, makinawa sadziwa nkhope, amadziwa akaunti."

Mawu amenewo anandikomera m'khutu moti sindinafune kuti akambidwenso mozama. Ndinafulumira kusintha nkhani, n'kudandaula kuti ngakhale ine kompyutayi yandikana pasiwedi m'mawa, mwina yalowa vayirasi. Achimwenewo anabwerera pa sikirini yolowera, naloza pakona yakumanja m'munsi pomwe panalembedwa ENG UK. Wina anali atasintha kiyibodi kuchoka ya ku America kupita ya ku Britain. Pa ya ku America, Shift ndi 2 zimatulutsa @. Pa ya ku Britain, mabatani omwewo amatulutsa timakoma tiwiri totsegulira mawu a munthu, @ ali kwina pafupi ndi Enter. M'mawa wonse ndinkalumbira kuti ndikulemba @ pamene ndinkalemba zina. Anadina kamodzi, n'kundiuza ndiyese. Ndinalowa ulendo woyamba womwewo.

Ndikanakhala wanzeru ndikanakhala chete. Koma munthu akapulumuka pang'onong'ono amafuna wina womuuza. Ndinatulutsa foni pansi pa desiki n'kulembera mnzanga wa pa ofesi ina nkhani yonse, osasiyako kanthu: Restart, kusuzumira pansi pa desiki, kamluzu koduka, ndi Event Viewer yomwe yapachika munthu wosalakwa. Ndinathirirapo ndemanga pa kavalidwe ka abwana tsiku limenelo, zomwe sizinkafunika n'komwe. Mnzangayo anatumiza tinkhope toseka mpaka misozi mzere wathunthu.

Amayi a zachuma anafika cha m'ma 12 koloko. Abwana anawalonjera ndi funso, osati moni. Amayiwo anamvetsera zonse modekha, anandiponyera diso kamodzi kokha, ine n'kumira m'kabuku kaja. Sananditchule. Anangoika chikwama pansi.

"Tiyeni tione kaye, bwana. Mwina kompyuta ikumbuka zambiri kuposa ine."

Analowa mu akaunti yawo, abwana ataima kumbuyo kwawo kumanja, achimwene a IT kumanzere. Anatsegula Chrome. Popeza inatsekedwa mokakamiza, inafunsa ngati ibwezeretse masamba omwe anali otsegula. Amayi anadina kuvomera.

Ine ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti Restart imatsuka chilichonse. Imatseka mapulogalamu, inde, koma chilolezo chomwe WhatsApp Web imapereka ukaloza foni pa QR code chimasungidwa mu Chrome ya akauntiyo, pa disiki, ndipo Restart siichotsa chimenecho. Wofuna kuchichotsa amadina Log out, kapena amachichotsa pa Linked devices mu WhatsApp ya pa foni. Tsamba lobiriwira linatseguka. Macheza a pamwamba penipeni anali a ine ndi mnzanga uja, ndipo amayi anadinapo ndi chala chimodzi mosafulumira.

Anthu atatu ankawerenga, mitu ikutsika limodzi mzere ndi mzere. Achimwene a IT anagwira pakamwa. Atafika pa nkhani ya kavalidwe, abwana anadziyang'ana malaya. Ine pansi pa desiki ndinali kulimbana ndi foni, kusaka Linked devices, koma zala zonyowa thukuta zinkangotsegula kamera, ndipo ndinadzijambula chibwano kawiri.

Nthawi yomweyo uthenga watsopano wa mnzanga unalowa, foni yanga inanjenjemera m'manja, ndipo kompyuta inalira kuti ting'i ofesi yonse ikumva: "Ndiye bwana wakoyo wazindikira kuti ndiwe?"

Abwana anapempha amayi kuti asunthe pang'ono. Anakokera kiyibodi kwa iwo, natayipa ndi zala ziwiri, n'kumenya Enter. Yankho linaonekera pa foni yanga, m'dzina langa, ndi tizizindikiro tiwiri tabuluu tosonyeza kuti lawerengedwa pambali pake: "Wazindikira. Akuti malayawa anamugulira ndi mkazi wake."